Loweruka la mafunso ku Highfield

Lero ndinalawirira kukakwera kombi ya ku Highfield, kuno ku Harare, poti ndinalonjeza achinyamata a kumpingo kwathu kuti ndikawathandiza kukonzekera intavyu. Onse ndi anthu a mabuku. Awiri anamaliza PhD pa University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, wina ali ndi digiri yachiwiri ya zachuma. Agogo awo anabwera kuno pa Mthandizi, bungwe lolemba anthu a ku Nyasaland ntchito, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi, nthawi imene sukuluyi inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland. Ndikaganiza zimenezi mtima umadzaza. Koma mipata ya uphunzitsi m'mayunivesite ndi yochepa, ndiye maso awo ali ku makampani a ku Msasa ndi Workington, ku mabanki, ndi ku mabungwe omwe si aboma.

Ine ndakalambira pa ntchito yolemba anthu ntchito, choncho ndinakhala kuseri kwa tebulo n'kufunsa funso loyamba lija: tiuzeni za inu.

Anayamba ndi achemwali amene anafufuza za kasungidwe ka chimanga. Anatchula akatswiri amene analembapo kale, kenaka njira zimene anatsata, kenaka zinthu zimene kafukufuku wawo sanathe kuzifika. Zonse zoona, zonse zolongosoka, koma mphindi zinkapita ndisanamve chimene anapeza. Ndinawadula.

"Achemwali, agogo anu atakufunsani kuti zaka zonsezi munkachita chiyani kusukuluko, mungawayankhe bwanji?"

Anakhala kaye chete, kenaka anati: "Ndinkayesa kusunga chimanga osathira mankhwala. Mukachiika m'thumba losalowa mpweya n'kumanga bwino, anankafumbwe amamaliza mpweya umene uli m'katimo n'kufa okha."

"Basi, yambirani pomwepo."

Sindiwaimba mlandu. Kuyunivesite munthu amaphunzitsidwa kuti asanene chilichonse asanaonetse kuti wawerenga, ndipo pa tsiku loteteza pepala lake amayamikiridwa chifukwa chosamala mawu. Ku kampani pamakhala bwana wa nthambi, wa zandalama ndi wa zolemba anthu, panja pali ena akudikira. Iwo akufuna kumva vuto limene ungawathetsere, ndalama zake, ndi nthawi imene zingatenge. Njira ndi ziwerengero uzisunge pafupi, adzazifunsa akafuna. Ndinawauza za mpikisano wa Three Minute Thesis umene unayambira ku University of Queensland mu 2008, pomwe munthu amafotokoza kafukufuku wake yense m'mphindi 3 ndi chithunzi chimodzi chokha. Ngakhale kuno, ndondomeko ya boma ya maphunziro apamwamba yotchedwa Education 5.0 imafuna kuti maphunziro afike mpaka pa kupanga zinthu zatsopano ndi kutukula mafakitale. Zimenezo sizingatheke ngati wofufuza ndi mwini fakitale sakumvana.

Amene anandikhudza kwambiri ndi mnyamata wa zachuma uja. Maso pansi, mawu otsika, manja pamodzi. Ndi mmene tinamulelera, ndipo pamaso pa akulu a mpingo ndi khalidwe labwino. Koma ndikamufunsa chimene iye anachita, ankaloza gulu, ankaloza mphunzitsi wake, iye n'kusowa. Ndinamuyendetsa pa mafunso anayi amene olemba ntchito ambiri amawatcha STAR: zinthu zinali bwanji, udindo wako unali wotani, unachitapo chiyani, zinatha bwanji. Apo m'pamene zinatuluka. Anatsogolerapo gulu la anthu otolera mayankho kumidzi, ndalama zoyendera zitachedwa anakonzanso ulendo wonse, anakambirana ndi mafumu, lipoti n'kufika pa nthawi yake. Pa CV yake panalibe chimodzi mwa izi. Panali mndandanda wautali wa misonkhano ndi mapepala.

"Mwanangu," ndinatero, "uwu ndiwo utsogoleri umene akuufuna. Kunena zoona za ntchito yako si matama. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Anaseka, koma ndinaona kuti zamulowa. Tinagwirizana kuti CV ifupike kufika masamba 2, ndipo mapepala otchulidwa akhale okhawo okhudzana ndi ntchito imene akufunsirayo.

Chakumasana magetsi anazima, purojekita n'kuthima. Munthu wachitatu, a dokotala amene anakonza zithunzi zambiri za madzi a m'zitsime, anafuna kuti tidikire. Ndinakana. Tsiku lenilenilo magetsi akhozanso kupita, ndipo munthu amene nkhani yake ili m'mutu sagwedezeka. Analankhula opanda kanthu m'manja, ndipo zinamveka bwino kuposa poyamba, chifukwa ankatiyang'ana ife osati khoma. Ndinakumbutsanso onse kuti ngati intavyu ili pa Zoom kapena Teams, laputopu ikhale yotchaja, bandulo ikhalepo, ndipo malo olankhulira awayese dzulo lake.

Amayi ena a Chigwirizano anatibweretsera tiyi, n'kukhala pambali kumvetsera achemwali aja akubwereza. Atamaliza, amayiwo anafunsa: "Nanga mwana wanga, thumbalo ndi ndalama zingati? Nanga makoswe akaliboola?" Funso limeneli ndi lomwe bwana wa kampani ya mbewu angafunse. Achemwali anayankha mosajejema kuti thumba likabooka ntchito yake yatha, choncho liyenera kuikidwa pa thandala, kutali ndi khoma, ndiponso kuti mtengo wake uwerengedwe pa zaka zimene lingagwire ntchito, osati pa chaka chimodzi. Ndinawomba m'manja.

Nkhani ya malipiro ndi imene sitinaimalize. Onse atatu amaopa kutchula nambala, poganiza kuti aoneka adyera. Ndinawauza kuti afufuze kaye kwa anzawo amene ali m'ntchito zoterozo, ndipo akapatsidwa nambala afunse ngati ili ya msonkho usanachotsedwe, ngati muli thandizo la kuchipatala, komanso gawo limene lili m'madola a ku America ndi limene lili mu ZiG, ndalama imene inayamba mu April 2024. Mnyamata wa zachuma uja ali ndi intavyu Lachinayi ku banki ina m'tauni. Wandipempha kuti Lachitatu madzulo tiyeserere funso limenelo pa foni, ine ndikhale bwana wouma mtima, ndipo ndavomera.