Kuzizira kwa Mzuzu kunandinamiza pothamangitsa purosesa

Ntchito yanga ndi yolumikiza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, ndipo kompyuta imene ndimagwiritsa ntchito kuno ku Chibavi ndinaigula kwa munthu wina atayamba waigwiritsapo ntchito. M'kati mwake muli purosesa (ubongo wa kompyuta) ya AMD Ryzen 5 1600, yomwe inatuluka mu 2017, imene liwiro lake ndi 3.2 GHz ngakhale kuti imatha kudzikweza yokha mpaka 3.6 GHz. Popeza ndalama zogulira ina ndinalibe, ndinaganiza zoithamangitsa kupyola muyezo umene anaiikira kufakitale, zimene odziwa makompyuta amati overclocking.

Masamu ake si ovuta. Wotchi ya pa mazabodi (bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse za kompyuta) imayenda pa 100 MHz, ndipo mu BIOS (pulogalamu yoyambitsa kompyuta ikangoyatsidwa) muli nambala imene imachulukitsa liwiro limeneli, moti 32 imabala 3.2 GHz pamene 39 imabala 3.9 GHz. Povuta ndi pa magetsi, chifukwa purosesa yothamanga kwambiri imafuna voteji yokulirapo, ndipo kutentha kumakwera mofulumira kuposa mmene votejiyo ikukwerera.

Ndinakweza nambalayo mu Juni, nthawi imene nkhungu imakuta mzinda wonse m'mawa ndipo munthu amagwira kiyibodi zala zitauma ndi mphepo. Ndinaika 39 ndi voteji ya 1.35, ndinasiya pulogalamu yoyesera kulimba kwa purosesa ya Prime95 ikuivutitsa usiku wonse, ndipo kutacha ndinapeza zonse zili bwinobwino. Ndinadzitama kwa anzanga, osadziwa kuti amene ankaziziritsa purosesayo sanali kafani kake kokha, koma nyengo ya Mzuzu.

Okutobala ndi amene anandiyalutsa. Chipinda changa ndi cha malata opanda siling'i, ndipo masana ena, vidiyo ya ukwati wa maola awiri itatsala pang'ono kutha, chithunzi chinangouma pa sikirini kenako kompyuta n'kuzima. Mayi a mkwatibwi anali ataimba kale kawiri konse kufunsa kuti, "Achimwene, kodi ija yatheka?" Nditayatsanso kompyutayo inakana kudzuka, mpaka ndinachotsa kabatire kozungulira ka CR2032 pa mazabodi kuti BIOS iiwale zonse zimene ndinaiuza. Nditatsegula bokosi la kompyutayo ndinachita manyazi, pakuti fumbi la m'chilimwe linali litamata pa fani ngati thonje. Ndinapukuta, ndinapaka thermal paste watsopano (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa), ndipo ndinatsitsa liwiro kufika pa 3.7 GHz.

Chimene ndikudandaula n'chakuti ndinayambira kolakwika. RAM yanga ya DDR4 (memori imene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo) inali ikuyenda pa liwiro la 2133 miyezi yonseyi, pamene pa chikwama chake analembapo 3200, chifukwa liwiro lolembedwalo silibwera lokha mpaka munthu atatsegula XMP (chosankha chothamangitsa RAM pa liwiro lolembedwalo) mu BIOS, zomwe zimakwezanso voteji ya RAM kuchoka pa 1.2 kufika pa 1.35. Pa Ryzen nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa njira yolumikiza zigawo za m'kati mwa purosesa, yotchedwa Infinity Fabric, imatsatira liwiro la RAM. Pa 3200 kompyuta yanga inakana, monga amachitira ma Ryzen ambiri oyambirira, koma pa 2933 inakhazikika, ndipo pulogalamu yoyesera RAM ya MemTest86 sinapeze cholakwika chilichonse. Kusintha kumeneku ndinakumva m'manja pokoka vidiyo uku ndi uku, ndipo kutentha sikunawonjezereke kwenikweni.

Nambala 38 ndikufunabe kuiyesa, koma ndidikira Okutobala wina, masana dzuwa lili paliwombo, mawindo onse nditatseka.