Asilikali a m'matope pa geti la ku Dachau

Usiku wathawu ndagona mochedwa, ndimaona makatuni a Bill Mauldin, msilikali wa ku America amene ankajambula makatuni pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Asilikali ake awiri, Willie ndi Joe, ndi anthu otopa, osameta ndevu, nsapato zili matope okhaokha. General Patton, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a America, anakwiya nawo, ati akunyozetsa usilikali, koma anyamata akunkhondo ankawakonda poti ankadziona okha mmenemo. Mu 1945 Mauldin analandira mphoto ya Pulitzer, mphoto yapamwamba ya utolankhani ku America, ali ndi zaka 23.

Chandikhudza kwambiri n'chakuti gulu lake, 45th Infantry Division, linali m'gulu la amene anafika ku Dachau, msasa wozunzirako anthu wa chipani cha Nazi ku Germany, pa 29 Epulo 1945. Anapeza mabogi a sitima odzaza mitembo, komanso akaidi pafupifupi 30,000, pakati pawo Ayuda, atangotsala mafupa okhaokha. Abale anga, mtima ukundiwawabe mpaka pano.