Nyumba ya zisudzo imene inasanduka khoti ku Williamsburg

Sitima ya Amtrak yochokera ku Washington imakutula pa kasiteshoni kakang'ono ku Williamsburg, m'dera la Virginia ku America, ndipo kuchokera pamenepo umangoyenda wapansi mpaka kulowa m'tawuni yakale. Apa ndi pamene panali likulu la Virginia kuyambira 1699, m'nthawi ya atsamunda a ku Britain, mpaka 1780. Lero chigawo chakalecho amachisunga monga chinalili, muli ngolo za akavalo ndi antchito ovala zamakedzana, ndipo msewu wa Duke of Gloucester umachoka ku koleji ya William & Mary kukathera ku Capitol, nyumba ya malamulo ya nthawi imeneyo. Ntchito yokonzanso tawuniyi inayamba m'ma 1920 ndi ndalama za John D. Rockefeller Jr., yemwe anachita kukopedwa ndi abusa W.A.R. Goodwin a tchalitchi cha Bruton Parish.

Alendo anzanga ankathamangira ku nyumba ya bwanamkubwa. Ine ndinatsalira m'mphepete mwa kapinga wa Palace Green, pamalo pamene panali nyumba ya zisudzo yoyamba m'madera onse a Britain ku America. Nyumbayo inapita kalekale. Chimene ndinapeza ndi nsanja ya matabwa ndi mabenchi pabwalo, pamene amachitirapo timasewero masiku ano.

Anaimanga ndi wamalonda wina, William Levingston, yemwe mu 1716 anapangana ndi Charles Stagg ndi mkazi wake Mary, aphunzitsi a zovina, kuti iye amange nyumba, iwo azisewera. Maziko amene akatswiri anafukula akuonetsa kuti inali ya mamita pafupifupi 26 m'litali ndi 9 m'lifupi. Malondawo sanamuyendere Levingston, malowo anapita ndi ngongole. Mu 1736 ophunzira a ku koleji anachitiramo sewero, koma patapita zaka zochepa nyumbayo inangokhala gwa, yopanda ntchito.

Nthawi yonseyi mzindawu unali ndi meya, makhansala ndi khoti lakelake kuyambira 1722, koma unalibe nyumba yokumaniramo. Mu 1745 anthu ena ochita bwino anasonkherana, anagula nyumba ya zisudzoyo n'kuipereka kwa mzinda. Mu Disembala chaka chomwecho nyuzipepala ya Virginia Gazette inalengeza kuti akufuna amisiri oti aikonze ikhale khoti: kufolera denga latsopano, kukhomanso matabwa a makoma, kupaka penti ndi pulasitala, kuyala pansi, kuika chitseko, komanso mawindo akuluakulu asanu.

Mawindo asanuwo ndi amene anandigwira mtima. Ochita zisudzo ankadalira makandulo, dzuwa analibe nalo ntchito kwenikweni. Koma woweruza ayenera kuwerenga chikalata cha ngongole, kalaliki ayenera kulemba, ndipo aliyense afuna aone nkhope ya mboni ikamalumbira. Kupatula apo, nyumbayo inali yokonzeka kale. Inali ndi malo a anthu ambiri oyang'ana mbali imodzi, ndiponso inamangidwa kuti mawu a munthu mmodzi azimveka mpaka kumbuyo. Kwa ife okulira kumudzi izi si zachilendo, poti pansi pa mtengo pamene mfumu yaweruzira mlandu wa malire a munda m'mawa, mpamenenso ng'oma zimalirira madzulo. Ndinaona kuti akuluakulu a Williamsburg anaganiza bwino. Sanagwetse nyumba yoti ikadagwirabe ntchito, ndipo mzinda unaigwiritsa ntchito zaka pafupifupi 25.

Koma sindingalembe za khoti la ku Virginia ya atsamunda n'kusiya nkhani ya akapolo. Cha m'ma 1770, pafupifupi theka la anthu a mu Williamsburg anali anthu akuda, ambiri mwa iwo akapolo. Malamulo a Virginia sankalola kapolo kuikira umboni wotsutsa mzungu. Akamuimba mlandu woyenera imfa, ankamuweruza oweruza okhaokha, popanda gulu la nzika lija limene mzungu ankapatsidwa kuti limve mlandu wake. Pa nkhani za ngongole ndi za chuma cha masiye, dzina lake linkalembedwa pamodzi ndi ng'ombe ndi mipando. Nditakhala pa benchi paja ndinaganizira za anthu amenewa, ochokera ku Africa kapena ana awo, amene ankatunga madzi ndi kuphika m'nyumba zozungulira kapinga yemweyo, pamene mabwana awo ankalowa m'nyumba yokonzedwayo kukakamba za chilungamo. Ena mwa antchito a pamalopo amaifotokoza mbiriyi mosabisa, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

Kuchoka apo ndinatsikira ku Market Square, kumene kuli khoti la njerwa limene linamangidwa mu 1770 ndi 1771 kuti lizitumikira mzindawu pamodzi ndi boma la James City. Limeneli ndilo linalowa m'malo mwa nyumba ya matabwa ija, yomwe inagwetsedwa, ndipo linagwira ntchito mpaka 1932. Mkati mwake amaonetsa mmene milandu inkayendera, alendo ena n'kutenga mbali ngati oweruza kapena odandaula. Panja pali matabwa oboola amene ankapaniramo khosi ndi manja a wolakwa kuti anthu amuone. Mabanja ankalowetsamo mitu n'kumajambulana akuseka. Ine mtima sunandilole.

Mukadzapitako, kuyenda m'misewu yake n'kwaulere, koma kulowa m'nyumba ngati khotilo kumafuna tikiti. Yambirani ku Palace Green m'mawa kusanatenthe, chifukwa chilimwe cha ku Virginia n'cha thukuta, kenako mufunse nthawi imene milandu yachionetsero iyambire ku Market Square.