Tsiku limene tinayendera likulu lathu ngati alendo

Gulu lathu la banki m'khonde la ku Area 25 litagawana ndalama kumapeto kwa chaka, tinagwirizana kuti ndalama za zindapusa tisagulire zakumwa monga tinazolowera, koma tichite hayala basi yaing'ono kuti tiyendere malo a mbiri mumzinda wa Lilongwe. Ena anaseka ganizoli ponena kuti munthu sakhala mlendo kwawo, komabe Loweruka litakwana mipando yonse inadzaza.

Wotitsogolera, mnyamata waulemu amene ankatitchula kuti makolo ake, anayambira ku chiliza cha Dr Hastings Kamuzu Banda, chimene chili pafupi ndi Nyumba ya Malamulo. Anatikumbutsa kuti Kamuzu anamwalira mu Novembala 1997 ku chipatala cha ku Johannesburg, ndipo kuti chilizachi chinatsegulidwa mu 2006 mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Atafika pa ngodya zinayi zija, za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, akuluakulu a m'gulu lathu anamulanda mawu ndi kuzitchula okha pamtima. Agogo ena, amene anavinapo ngati mbumba pa utsikana wawo, anafotokoza mokondwa momwe ankakwerera malole m'bandakucha atavala nsalu za nkhope ya Ngwazi. Bambo wina anawayankha mofatsa kuti: "Amayi, mwaiwala kodi kuti wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pa chipata cha msika?" Awiriwa anakambirana kwa nthawi ndithu, wina aliyense osagonja, ndipo mnyamata uja anangoima chapatali osalowererapo, zimene ndinaziona kuti ndi nzeru.

Nyumba ya Malamulo, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China ndi kutsegulidwa mu 2010, tinangoionera kunja kwa mpanda. Ku Capital Hill kunali zii popeza silinali tsiku la ntchito, choncho tinapitirira mpaka pa chipilala chokumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo zikuluzikulu za dziko lonse, pamene ambiri anatanganidwa ndi kujambulitsa pa chiboliboli cha Kamuzu.

Dandaulo langa ndi lakuti nthawi yochuluka inathera ku mbali yatsopanoyi, ndipo ku Old Town, kumene mzindawu unabadwira, tinafikako dzuwa litapendeka. Ali m'basi, wotitsogolera anafotokoza mothamanga kuti atsamunda anakhazikitsa boma m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuti malowa anakula chifukwa cha malonda a fodya ndi msewu wopita ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ndipo kuti anazindikiridwa ngati tauni mu 1947. Ntchito yomanga likulu latsopano inayamba mu 1968 ndi ngongole yochokera ku South Africa, panthawi imene maiko ambiri a mu Africa ankalisala dzikolo chifukwa cha tsankho, ndipo likulu linasamuka ku Zomba mu 1975. Nkhani zoterezi zimafunika kuzimva utaima pa malo ake enieni, osati uli pa mzere wa magalimoto pa mlatho, ogulitsa madzi akugogoda pa zenera.

Titatsika, tinadutsa mumsika wa Tsoka pakati pa milu ya kaunjika, mpaka tinafika pa timilatho tamitengo timene anyamata anamanga okha, ndipo amalipiritsa aliyense wowolokera ku msika wa Lizulu. Agogo aja anayang'ana matabwa ogwederawo, anayang'ananso madzi, nanena kuti iwo azungulira pa mlatho wa boma ngakhale kuchite kutalika. Msungichuma wathu anatilipirira tonse otsala, koma anayamba wanenerera mtengo, ponena kuti anthu obwera pagulu sangalipire chimodzimodzi ndi munthu woyenda yekha.