Chiwongolero cha Defender chaleka kunjenjemera, koma maulendo atatu a ku Limbe akundiwawabe

Dzulo ndayiyesa pa msewu wa Midima, kuchoka pa Chitakale kukakhotera pa Nkando, chiwongolero chili phee. Galimoto yake ndi Defender 110 ya injini ya 300Tdi, zija zinayamba kutuluka mu 1994. Matenda ake eni ma Land Rover akale mukuwadziwa: ukafika pa liwiro la 60 kapena 70 n'kumenya kadzenje, chiwongolero chimayamba kutekeseka ngati chikuthyola mikono, osaleka mpaka utatsala pang'ono kuima. Ntchito ya masiku awiri yanditengera milungu iwiri, ndipo wolakwa si galimoto ayi.

Aliyense amene wamva adzakuuzani kuti gulani damper yatsopano, shock absorber ija ya chiwongolero. Musamvere. Damper imangobisa matenda kwa miyezi ingapo, zitsulo zikudyekabe mkatimo. Kwezani kutsogolo pa jeke, muike chitsa chochindikala pansi pa ekiselo, osati njerwa, njerwa zimaphwanyika mosachenjeza. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, mugwedeze. Mukamva kho kho, wina aponde buleki inu mukugwedezabe. Kukhokhomako kukaleka, ndi beringi ya tayala. Kukapitirira, ndi swivel, mpira wachitsulo wonyezimira uja umene tayala limakhotera. Yanga inali swivel ya kumanja, ndipo kumbuyo kwake kunali phala la oyilo wosakanikirana ndi katondo wa m'minda ya tiyi.

Ndisanaiwale, musanakweze n'komwe, yambani mwaona mabushi a panhard rod, chitsulo chopingasa chimene chimagwira ekiselo kuti isamayende cham'mbali. Galimoto ili pansi, mwana azipotokola chiwongolero uku ndi uku, inu mutagona pansi n'kumayang'ana. Bushi yakutha imaoneka ikusewera. Muonenso ma ball joint, timfundo tolumikizira kumapeto kwa zitsulo zowongolera. Nthawi zambiri zinthuzi zimathera limodzi, ndipo mukakonza chimodzi n'kusiya chinzake kunjenjemera kumabwerera.

Kumasula sikuvuta ngati zida zilipo. Manati a tayala amafuna sipanala ya 27 mm. Mabawuti awiri a caliper, chitsulo chopanira mapadi a buleki, amafuna soketi ya 13 ya mano 12, ya mano 6 silowa, musaikakamize ndi hamala. Caliper muikolowe ndi waya pa sipuling'i, chifukwa kapaipi kake ka buleki n'kachitsulo, kafupi, ndipo kachitsulo kokagwirizira kamamangidwa ndi mabawuti omwewo a pini yapamwamba ya swivel. Kakapindika kawiri kamathyoka. Kenako kachipewa ka labala, circlip (kamphete kachitsulo kotsekera) ndi timashimu take (timawashala topyapyala), mabawuti 5 a drive flange (chitsulo cholumikiza shafti ndi tayala), ndiye manati awiri akuluakulu a 52 mm. Ndinapeza manatiwo atajedwa ndi tchizulo, umboni woti wina anadutsapo wopanda sipanala yake. Tchizulo imasiya tizitsulo timene timakagwera mu girisi wa beringi. Bwerekani box spanner ya 52, kapena wowotcherera akupangireni kuchokera ku paipi.

Tsopano nayi nkhani imene yandipsetsa mtima. Tengani zitsulo zakale popita kukagula zatsopano. Ulendo woyamba ndinapita chimanjamanja, poganiza kuti dzina la galimoto ndi chaka n'zokwanira. Mnyamata wa pa kauntala, pa shopu ina ku Limbe, sanadzuke n'komwe pa mpando. Anangoti, “Madala, za Defender zonse n'zimodzi.” Si zimodzi. Ma Defender oyambirira ali ndi bushi yotchedwa Railko pa pini yapamwamba, pomwe am'mbuyo mwake ali ndi beringi pamwamba ndi pansi pomwe. Okhala ndi buleki ya ABS pini yawo ndi yobooka pakati kuti mulowe sensa. Kuwonjezera apo, galimoto zathu kuno zadutsa m'manja ambiri, ekiselo imene ili pansipo mwina si imene inabwera nayo. Ndinafika kunyumba madzulo, n'kutsegula paketi, n'kupeza kiti ya Railko. Yanga ndi ya maberingi awiri.

M'mawa mwake minibasi, kudzera ku Luchenza, Thyolo ndi Bvumbwe, kuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Kufika pa shopu paja akuti katundu wotsegula sabwezedwa. Nanga munthu adziwa bwanji kuti wamupatsa cholakwika asanatsegule? Akuti abwana ndiwo angavomere, koma atuluka. Ndinadikira kuchokera m'ma 10 mpaka m'ma 3, kenako akuti sabweranso lero. Tsiku lathunthu kupita padera, galimoto ili pa chitsa, chiperoni chikuwaza pa zitsulo zosavundikira. Ulendo wachitatu sindinapondenso pamenepo. Ndinanyamula pini, maberingi onse awiri ndi sili yakale (labala yotchinga oyilo) m'jumbo, ndinalowa shopu ina, tinaika zakale ndi zatsopano pamodzi pa kauntala n'kufananitsa manambala olembedwa pa beringi. Mphindi 10 basi. Ndalama ya thiransipoti ya maulendo atatuwo ikanagula maberingi a mbali inayo.

Sili yaikulu ya kumbuyo kwa swivel silowa pokhapokha mpirawo utachoka pa ekiselo. Pali mabawuti 7 a mano 12, amafuna ring'i sipanala ya 14 chifukwa soketi sipeza malo, ndipo imodzi mwa iwo ndi yosiyana ndi anzake, muikumbukire bowo lake. Ena amadula sili n'kuilowetsa chopinda, podulapo n'kuloza m'mwamba, kuti asamasule mpira. Patchire, utasowa pogwira, ndingamvetse. Pakhomo ayi. Mpira ukatuluka, utsukeni ndi palafini muuyendetse chikhadabo. Ngati dzimbiri laboola timaenje pamene sili imadutsa, sili yatsopano idzang'ambika mwezi usanathe. Timaenje tochepa mukhoza kutitseka ndi epoxy ya zitsulo n'kusalaza ndi sandipepa wosalala kwambiri wonyowetsa, koma ngati chrome yayamba kusupuka, mpirawo watha.

Pamene pagona ntchito yonse ndi pa mashimu a pansi pa pini yapamwamba. Ndi amene amapangitsa swivel kuthina moyenera. Mukachotsa shimu imathina, mukawonjezera imamasuka. Muyeso umatengedwa sili isanalowe komanso zitsulo zowongolera zisanalumikizidwe: kolowekani sikelo yokoka pa bowo la ball joint, mukoke pang'onopang'ono, muwerenge swivel itayamba kale kuyenda, osati pamene ikudzuka. Ya maberingi awiri ikhale pakati pa 1.16 ndi 1.46 kg. Ya Railko ndi yolimba kuposa apo, 3.6 mpaka 4.5 kg, ndiye mukasokoneza manambala awiriwa mufinya maberingi mpaka kuphwanya. Sikelo ija ya mavenda a nandolo sithandiza, imayeza mpaka makilogalamu 50 kapena 100 ndipo kilogalamu imodzi sioneka bwino. Pezani kakang'ono kolekeza pa 5. Ndinamanga ndi kumasula pini kanayi ndisanapeze muyeso, ndipo nthawi iliyonse mabawuti ayenera kumangidwa zolimba musanayeze, apo ayi sikelo ikunamizani. Mashimu akale musataye, kiti yatsopano mwina sikhala ndi opyapyala okwanira. Ichinso n'chifukwa china chosungira zakale zonse m'jumbo imodzi.

Za mafuta ake anthu amakangana. Ngati mpira uli wosalala, oyilo wa magiya wa EP90 ndi wabwino, pafupifupi 350 ml mbali imodzi, ndipo kwa ife owoloka timitsinje totsika m'phiri ubwino wake ndi woti madzi akalowa mumakhetsa n'kuthira wina, malinga swivel yanu ili ndi pulagi yokhetsera pansi. Ngati ilibe, kapena mpira ndi wokayikitsa, thirani girisi wamadzimadzi wa one shot, paketi imodzi mbali imodzi. Girisi wamba wa maberingi musaikemo. CV joint, cholumikizira cha shafti chimene chili mkati mwa mpirawo, imamukankhira m'mbali n'kumazungulira youma, beringi yapamwamba osalandira kanthu.

Ndinatsala pang'ono kuiwala kapaipi kopumira ka pamwamba pa ekiselo. Kamasuleni muuzire ndi pakamwa. Kakatsekeka ndi matope, ekiselo ikatentha mpweya umakankha oyilo wa difu kudutsa masili, ndipo mudzatukwana sili yatsopano yosalakwa. Kanga kanali kotsekeka gwa.

Pobwezera habu, chitsulo chimene tayala limamangidwapo, nati yoyamba ya 52 imangidwe pa 50 Nm (muyeso wa kuthina, wa pa torque wrench) mukuzunguza habu kuti maberingi akhazikike, muibweze kota ya mzungulo, kenako muimange pa 10 Nm pokha. Washala yopinda ikhale yatsopano, nati yachiwiri pa 50 Nm, n'kupinda washala mbali zonse ziwiri. Izi ndi za manati awiri. Za injini ya Td5 zokhala ndi nati imodzi ndi spacer zili ndi kamangidwe kena. Mabawuti a drive flange 65 Nm ndi kadontho ka Loctite, guluu wa mabawuti, chifukwa amakonda kudzimasula okha, a caliper 82 Nm. Musanatuluke pa geti pondani buleki kangapo mpaka ilimbe. Matayala akutsogolo ayang'ane kunja pang'ono, 0 mpaka 2 mm, mukhoza kuyeza ndi ndodo pakati pa marimu kutsogolo ndi kumbuyo. Mukayenda makilomita 10 imani mugwire habu. Yofunda ili bwino, yowotcha dzanja ndiye kuti mwathinitsa.

Swivel ya kumanzere nayonso yayamba kunyowa kumbuyo. Ndidzayamba ndamasula, zonse m'jumbo, kenako ndiye minibasi. Kiti ya Railko ija ili pa shelefu, paketi yotsegula koma zonse zilimo, ngati alipo wa 110 yakale kuno ku Mulanje kapena ku Thyolo amene akuifuna.