Kosi ya network defense ndaimaliza, koma risiti ija sindidzaiiwala

Mayeso a pulakitiko ndinalemba Lachisanu ndipo ndakhoza, ndiye mtima wakhala pansi. Izi ndikulembera inu amene mukuyamba kosiyi semesita ikubwerayi, chifukwa ine panalibe wondiuza.

Mukalipira ndalama ya labu kubanki, silipi ija muijambule pafoni musanatuluke n'komwe, kenako mukaipangitse fotokope. Ine ndinapereka yeniyeniyo kuofesi ya zachuma. Mayi amene anali pawindo anaiponya m'kabati n'kunena kuti, "Dzina lanu lituluka mawa." Silinatuluke. Bambo wapalabu anandibweza pakhomo anzanga akulowa. Masiku atatu otsatizana ndinkakwera minibasi kuchoka ku Area 25 kungokamva kuti olowetsa mayina kulibe. Tsiku lachitatu ndinaima pamzere kuyambira 8 koloko, ndikufika pawindo chonchi anatseka, ati nthawi ya nkhomaliro. Ndinakhala pakhonde ndi chimanga chootcha m'manja, misozi ili pafupi. Silipiyo anadzaipeza m'fayilo ya kosi ina, ndipo ngakhale kapepani sikanatuluke.

Chondiwawa n'chakuti sabata imeneyo ndi imene anaphunzitsa subnetting, kagawidwe ka network m'zigawo zing'onozing'ono. Anandipulumutsa ndi mnzanga wa ku Kawale, pakapepala chabe: /24 imakupatsa ma adiresi 254 ogwiritsa ntchito, /26 imakupatsa 62, chifukwa pa 256 ndi pa 64 umachotsapo awiri, ya network ndi ya broadcast. Zimenezi muzidziwe pamtima, mayeso amazifunsa mobwerezabwereza.

Cisco Packet Tracer, pulogalamu yoyeserera kumanga network pakompyuta, ndi yaulere, mumangotsegula akaunti ku Networking Academy yawo. Pamene ndinavutikira ndi pa ACL, mndandanda wa malamulo onena amene adutse pa network ndi amene aletsedwe. Ndinalemba mzere umodzi woletsa kompyuta imodzi, basi network yonse zii, palibe ping yodutsa. Ndinafufuta, kuyambiranso, kufufutanso, usiku wonse. M'mawa aphunzitsi anangoseka. Kumapeto kwa ACL iliyonse kuli "deny" wobisika amene saoneka, ndiye ukapanda kulembapo permit, watsekera aliyense panja.

Ndaiwala za laputopu, zimene zinayenera kukhala koyambirira. Makompyuta a mulabu ndi ochepa, mumakhala atatu pa imodzi, choncho ngati muli ndi yanu ikanimo VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa makina ena mkati mwa laputopu yanu, ndipo mmenemo muikemo Kali Linux (ya zida zoyesera chitetezo) ndi Metasploitable 2 (yoyesererapo). Musathe bando yanu pokopera Kali, ndi fayilo yaikulu, pemphani a chaka chachiwiri akuikireni pa fulashi. Kali ikakana kuyaka n'kumatchula VT-x, musathamangire kwa okonza makompyuta kutauni ngati mmene ndinachitira ine. Lowani mu BIOS, masetingi amene mumalowamo laputopu ikungoyaka kumene, yatsani virtualization, yatha. RAM ya 4GB imayenda ngati kabaza wonyamula matumba a makala pachitunda. Nditawonjezera kufika 8GB m'pamene ndinapuma.

Makina awiriwo, Kali ndi Metasploitable, muwaike pa host-only mu VirtualBox, kuti azingolankhulana okhaokha. Metasploitable anaipanga dala kukhala yobooka, si yoti muilumikize pa Wi-Fi ya anthu. Ndipo Nmap, pulogalamu yosikana network, muziiloza pa makina anu okha. Mnyamata wina m'kalasi mwathu anasikana network ya koleji pofuna kudzionetsa, anamuitana kuofesi tsiku lomwelo. Aphunzitsi anatiwerengera Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, kutikumbutsa kuti kulowa m'kompyuta ya eni popanda chilolezo ndi mlandu kuno ku Malawi, kaya umangoyesa kaya ayi.

Tsiku limene kosiyi inandigwira mtima ndi la Wireshark, pulogalamu yoonera zonse zodutsa pa network. Tinalowa mu Metasploitable kudzera pa Telnet, njira yakale yolowera m'kompyuta ina uli patali, port 23, ine n'kulemba msfadmin monga pasiwedi. Kenako tinadina Follow TCP Stream mu Wireshark, ndipo pasiwedi ija inali apo, chilembo ndi chilembo, aliyense n'kutha kuwerenga. Titabwereza pa SSH, njira imene imabisa zimene ukutumiza, port 22, tinangoona zinyalala zosamveka. Usiku womwewo ndinasintha mapasiwedi anga onse, ngakhale ya Facebook imene inali dzina la mwana wa achemwali anga.

Muzitenga snapshot, kusunga makina mmene alili kuti mudzathe kubwererapo, musanayambe kusintha chilichonse. Magetsi anazima ndili pakati pokonza firewall, batire ya laputopu yanga inafa kalekale, Kali n'kukana kuyakanso. Ntchito ya masiku awiri inapita choncho.

Tsiku la mayeso ndinafika molawirira, Nmap ndi Wireshark zili m'mutu. Pakhomo panali bambo yemwe uja ndi mndandanda wake. Anayendetsa chala mpaka pansi, dzina langa mulibe. Apa sindinalankhule zambiri, ndinangotulutsa fotokope imene ndinapangitsa silipi ija itapezeka, ina inali m'chikwama, ina pafoni. Anaiyang'ana, kundiyang'ana, n'kunena kuti, "Lowani achimwene, kompyuta nambala 7."