Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kadontho kamene kanandithetsa matama

M'gawo lathali ndinalekezera pa tsiku limene zotsatira za TOPIK, mayeso a chiyankhulo cha Chikoreya, zinatuluka, nditakhoza mlingo 4 pa milingo 6 ya mayesowo. Ndisaname, ndinayamba kudzimva. Chaka chathunthu ndinali nditakhalira Chikoreya chokhachokha, 9 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana, moti pa msika wa Namdaemun ndinkanenerera mtengo wa jekete mpaka mayi wogulitsa kuseka n'kundichotserako. Mumtima ndinkati basi, chiyankhulochi chili m'manja.

Matama anathera sabata yoyamba ya Malichi, mwezi umene chaka cha sukulu chimayamba ku Korea. Ndinalowa m'dipatimenti ya chiyankhulo ndi zolembalemba za Chikoreya, kumene amaphunzitsa eni ake chiyankhulo, osati alendo ngati ife. Phunziro loyamba linali la mbiri ya chiyankhulo. Aphunzitsi, bambo wachikulire wa imvi mbuu, anatigawira pepala lojambulidwa kuchokera mu Hunminjeongeum, chikalata cha 1446 chimene Mfumu Sejong inalengezera Hangul, zilembo za Chikoreya.

Ndinaliyang'ana pepala lija n'kungoti kakasi. Zilembo zambiri ndinkazidziwa, koma mawu osatuluka. Pansi pa zilembo zina panali kadontho, kangati pamene ntchentche yaipitsa. Ndinayesa kukafufuta ndi chala, mtsikana amene ndinakhala naye pafupi n'kugwira pakamwa kubisa phwete. Kadonthoko ndi chilembo, dzina lake arae-a, ndipo liwu lake linatsalira m'kayankhulidwe ka pa chilumba cha Jeju. Sejong anapanga zilembo 28, zinayi zinafera m'njira, n'kutsala 24 zimene ine ndinaloweza masiku awiri n'kumadziona ngati katswiri. Pakati pa zonsezi panali hanja, zilembo za Chitchaina. Anzanga ochokera ku China ankangoziwerenga ngati akumwa madzi, ine thukuta kamukamu kunja kukuzizira.

Si zonse zinali minga ayi. Ulemu wa m'chiyankhulo, umene anzanga a ku Ulaya ankalira nawo, kwa ine unali wakwathu. Jondaenmal ndi "inu", banmal ndi "iwe". Amene anakulira pakhomo pamene kunena agogo kuti "iwe" kumaitanitsa chikoti safunika kumuuza kawiri. Kulandira chinthu ndi manja awiri, amayi anandiphunzitsa ndisanayambe n'komwe Sitandade 1. Ngakhale chilembo chimene chimamveka pena ngati l pena ngati r sichinandivute, poti ife Lilongwe timamutchula mmene lilime lagwera tsiku limenelo.

Chimene chinandizunza ndi batchim, mawu othera pa konsonanti. Pakamwa pa Mchewa mawu aliwonse amafuna kuthera pa a, e, i, o, u. Mpunga wophika iwo amati bap, milomo n'kutseka pomwepo. Ine ndinkati "bapu", miyezi ndi miyezi.

Ndiye tsiku lomwelo la kadontho ndinawonjezera chipongwe china. Potuluka ndinawerama bwinobwino n'kuuza aphunzitsi kuti "sugo haseyo", mawu amene ndinkatsanzikira nawo ogulitsa m'sitolo, ngati kunena kuti gwirani ntchito bwino. Iwo anangogwedeza mutu. Pa khonde sunbae wina, ndiye kuti wophunzira wa chaka cham'tsogolo, anandikokera pambali.

"Gyosunim, ndiye kuti pulofesa, sauzidwa choncho. Mawu amenewo wamng'ono sauza wamkulu. Ungoti gamsahamnida, kutanthauza zikomo, basi."

Manyazi ake! Munthu wodzitama ndi ulemu wa kwathu, n'kutsanzika pulofesa ngati waganyu.

Sunbae yemweyo mawa lake anandibweretsera kope la timabokosi, lofanana ndi limene ana amaphunzirira kulemba, nati ndiyambe hanja lero lomwe ngati ndikufuna kudzawerenga sijo, ndakatulo zawo zakale za mizere itatu. Anandiuza kuti ku sekondale kwawo kuli mndandanda wa zilembo 1,800. Usiku umenewo m'laibulale ndinalemba chimodzi chokha, cha mikwasa iwiri yotsamirana, chotanthauza munthu. Ndinadzaza nacho tsamba lonse.

M'gawo 10 ndidzakusimbirani za mayeso oyamba, ndi foni ya amayi yofunsa kuti kodi Chikoreyachi ndidzadya nacho chiyani.